Mayi wa Chipewa pa Chithunzi cha a Herminia

A Herminia Saldívar anasoka matumba a mathalauza zaka makumi atatu pa fakitale ina kumadzulo kwa mzinda wa San Antonio, ndipo mpaka lero akakumana nawe amayamba ayang'ana msoko wa thalauza lako asanakupatse moni. Ndi amayi osataya kanthu. Timapepala toitanira anthu ku sitiraka ya mu 1972, zithunzi, ngakhale kansalu kamene ankamanga pamkono, zonse zili m'zitini za mabisiketi pansi pa bedi.

Ine ndimagwira ntchito kosungira zakale pa laibulale ya yunivesite. Chomwe chimandinyansa n'chakuti zithunzi za nthawi imeneyo zili ndi mayina a amuna okhaokha, akazi anangolembedwa kuti "antchito ena". Ndiye ndinapita kwa a Herminia ndi pensulo yanga.

Anandithirira khofi, n'kutulutsa chithunzi cha amayi asanu ndi awiri atanyamula chikwangwani pageti la fakitale. Mayina ankangotuluka okha: uyu Ninfa wamiseche, uyu Socorro, uyu anadzakwatiwa ndi kapitawo, wopanda manyazi. Atafika pa mayi wina wamfupi amene anabisa nkhope ndi chipewa, anadumpha.

"Nanga awa?" ndinafunsa. "Mwawaiwala, amayi?"

"Ndiiwale ine? Oiwala ndinu a madigirinu. Ameneyu ankauza mwamuna wake kuti akupita kutchalitchi kukapemphera kolona, chonsecho akubwera ku sitiraka. Miyezi isanu ndi inayi, mwanawe! Ndinalumbira kuti sindidzamutchula."

Chidwi chinandikula. Ndinawachonderera kuti zaka makumi asanu zadutsa, ndipo wodziwa dzinali anatsala ndi iwo okha. Anandiyang'ana nthawi yaitali, kenako anaimba nambala ya pamtima n'kuika foni patebulo kuti nanenso ndimve.

"Achemwali, pano pali mtsikana wa ku yunivesite. Akufuna dzina lanu."

Kumbali inayo kunamveka kuseka, kenako mawu onong'ona. "Bambowa ali pabalaza pompano, akuonera mpira. Mtima wawo si wabwino masiku ano. Muuze asiye mpata. Akadzatsogola iwowa, udzamuuze dzina langa, alembe zilembo zazikulu."

"Nanga ndikatsogola ndine?" anafunsa a Herminia.



"Ndiye usatsogole," mayiyo anatero, n'kudula.

Ndinalemba mayina asanu ndi limodzi, pa mayi wa chipewa uja n'kusiya mpata. A Herminia akwanitsa zaka 84 mwezi wamawa.