Maliro a m'thumba la epuloni

Ine ku Perth ndinapita kukaona mdzukulu, miyezi itatu basi. Mliri wa dziko lonse uja utabuka boma linatseka zipata za dziko, miyezi itatu ija n'kubereka zaka ziwiri. Mwana wanga wamkazi ndi nesi pachipatala chachikulu cha ku Murdoch. Iye ankalawirira kuntchito, mwamuna wake kumafakitale a ku Kwinana, kamdzukulu kusukulu ya mkaka, ine n'kutsala pakhonde ku Bentley ngati mlonda wopanda chibonga. Sukulu ndinalekezera Sitandade 4, koma utelala wa pakhonde la sitolo ku Lilongwe unandipatsa Chingerezi chokwanira kuputira anthu.

Woyamba kumuputa anali mayi wa nyumba yoyandikana ndi yathu, mzungu wa zaka ngati makumi anayi, wokhala yekha, wophika kunyumba yosungirako okalamba. Tsiku lina akuyanika zovala ndinaona mpendero wa siketi yake.

"Mayi, telala amene anasoka iyi musandionetse. Angandichititse manyazi."

"Ndinasoka ndekha," anatero. "Kwathu mtsikana wosadziwa mashini kulibe."

Kwawoko kunali ku Canada, kwa anthu otchedwa Ahataraiti. Anandifotokozera pang'onopang'ono, masiku ambiri, iye uko kwa mpanda ine kuno. Ndi anthu opemphera, okhala mabanja angapo pafamu imodzi yaikulu, ndipo palibe amene ali n'chake. Khitchini ndi imodzi. Belu likalira onse amakadyera pamodzi, amuna mbali yawo akazi mbali yawo, kukhala motsata zaka.

"Ndiye munathawa chiyani, poti n'kumwamba kumeneko?"

Sanaseke. Anati anachoka atabatizidwa kale, ndipo kwawo munthu wotero waphwanya lumbiro. Ngakhale kukaona makolo, ayenera kupempha kaye kwa m'busa wa pamudzipo. Iye anapempha kangapo pa zaka khumi ndi zitatu, osaloledwa. Chomwe chinkamulumikiza ndi kwawo chinali kafoni kamene mng'ono wake ankabisa m'bokosi la ulusi, poti pamudzi pawopo mkazi saloledwa kukhala ndi foni yakeyake.

Mayi ake atadwala kwambiri, m'busa uja anafewa, nati abwere adzatsanzike. Chilolezo cha zaka khumi ndi zitatu chinafika ndege zitaima. Analemba makalata kuboma, kudikira, kulembanso. Mayi aja sanadikire.

Za imfayo anandiuza Lachisanu madzulo, atagwira mpanda ndi manja onse awiri. Anati kwawo maliro akachitika anthu amazungulira bokosi madzulo awiri, kuimba nyimbo zazitali za Chijeremani zimene makolo awo anabwera nazo kalekale. Mng'ono wake analonjeza kuika foni m'thumba la epuloni, n'kuima pafupi ndi oimba. Madzulo a kumeneko ndi eyiti koloko m'mawa ku Perth.

"Ndingomva basi," anatero. "Sindikufunanso china."

Mawu amenewo ndinawamva bwinobwino. Koma makutu a munthu wokalamba amamva zakwawo. Ine ndinangoona namfedwa ali yekha m'nyumba, wopanda womugwira phewa, ndipo kwathu zimenezo n'zotukwanitsa mudzi wonse. Nthawi imeneyo ku Perth anthu ankaloledwa kusonkhana, ndiye ndinaimbira amayi otsogolera azimayi a kumpingo kwathu.

Mwana wanga anandimva. "Adadi, mwawafunsa eni ake?"

"Maliro sapempha odi, iwe. Sukulu yakuwononga."

"Adadi, si ku Kawale kuno."

"Imfa ndi imodzi," ndinatero, n'kudzimva wanzeru.

Loweruka m'mawa anabwera azimayi asanu ndi mmodzi, zitenje m'chiuno, mipango kumutu. Anachedwa pang'ono, monga mwa ife. Ndinawatsogolera ine mwini, jekete nditavala. Chitseko chinali chotsegula chifukwa cha kutentha, ndipo ndinamuona mayi uja atakhala patebulo la m'khitchini, atavala mpango wakuda wa madontho oyera umene sindinauonepo chiyambire. Foni inali patsogolo pake. Munkatuluka nyimbo yapansipansi, yokoka, ya anthu ambiri, ngati mphepo yodutsa m'mabango. Maso anali atatseka, milomo ikutsatira.

Inu mukudziwa mmene azimayi athu amalowera pasiwa. Sayamba ndi moni. Anayambira pageti.

"Mayo ine, mayi athu, mwatisiyira yani mwanayu."

Mayi uja anadzidzimuka n'kuimirira, akukupiza manja kuti akhale chete. Azimayi anaona ngati chisoni chamukulira, ndiye anawonjezera, awiri n'kumukumbatira kuti asagwe. Iye ankalimbana kuti afikire foni, iwo ankamugwiritsa. Poti anali yekha m'nyumba, mayiyo sanaganize zotseka mawu a mbali yake pafonipo. Kulira kwa azimayi asanu ndi mmodzi a Chichewa kunakatulukira m'thumba la epuloni, pambali pa bokosi, kutsidya la dziko.

Nyimbo ija inaduka pakati. Tinamva mawu a mwamuna, amodzi okha, ofunsa. Kenako kukhwekhwereza kwa nsalu. Kenako zii.

Azimayi analeka mmodzimmodzi. Mayi uja anatenga foni, kuiyang'ana, kuiikanso pansi.

"Wakuuzani ndani kuti mubwere?"

Maso onse anatembenukira kwa ine. Pa moyo wanga ndanamapo zambiri, zina zokoma ndithu, koma tsiku limenelo bodza linandithawa.

Sanatithamangitse. Azimayi anakhala pansi pa matailosi, miyendo atatambasula, osadziwa kuti atuluke kapena akhale. Amayi otsogolera aja anandinong'oneza kuti, "Abambo, mwatichimwitsa," ndipo ndinavomera. Tinakhala choncho mpaka dzuwa litafika pamutu, iye akuyang'ana foni. Sinalire. M'mawa mwake, pa nthawi ya kuimba kwachiwiri, ndinamuona pawindo atakhala pamalo omwewo ndi mpango womwewo. Foni sinalirenso.

Masabata atatu sanatulukire kumpanda. Nditalimba mtima n'kukagogoda, ndinapepesa m'Chingerezi changa chothyokathyoka, chipewa chili m'manja.

"Munachita zakwanu," anatero. "Ndinamva ndime imodzi ndi theka."

"Nyimboyo ili ndi ndime zingati?"

"Zambiri."

Ndikanakonda akanandilalatira. Munthu wolalata umadziwa pomugwira.

Patapita miyezi iwiri kunabwera kalata ya papepala, ndipo anabwera nayo yekha kumpanda. Mng'ono wake anaimitsidwa pamaso pa mpingo wonse kuti alape, foni inalandidwa, ndipo kuyambira pamenepo kalata iliyonse imayamba yadutsa m'manja mwa m'busa. Munalibe mawu okwiya. Munali za nyengo, za atsekwe, za manda. Kumapeto kwake mng'onoyo analemba kuti bambo awo, amene sanatchulepo dzina la mwana wawo wothawayo zaka zonsezi, anafunsa patebulo kuti anthu aja analira mkazi wawo chotero anali ndani.

"Ndiwayankhe chiyani?" anandifunsa.

Ndinaganiza nthawi yaitali, chinthu chimene sindichitachita.

"Lembani kuti anali anansi anu. Za nkhalamba yopusa musalembe."

Analemba, ndipo ndinamuperekeza kukaponya. Sabata iliyonse ankatsegula kabokosi ka makalata pageti, ine ndili pakhonde ndikunamizira kuwerenga nyuzi. Zipata zitatsegulidwa mwana wanga anandigulira tikiti yobwerera ku Lilongwe. Pomwe ndinkakweza chikwama m'galimoto, yankho la ku Canada linali lisanafike.