Chombo Chokokedwa ndi Ng'ombe

Chaka changa chachitatu pasukulu ya kwathu ku Lifidzi, apulofesoli, aphunzitsi athu, anandisankha kuti ndiziwathandiza ana aang'ono akamaphunzira dezenyu, kujambula zithunzi. Sikuti ndinali katswiri ayi. Ndinali wamtali chabe, ndipo ana ankandimvera. Ndinkagawa mapepala ndi jizi, choko cholembera, ndinkasinja makala ndi katondo n'kusungunula m'zigoba kuti tikhale ndi utoto wakuda ndi wofiira.

M'mawa wina wachisanu apulofesoli anaitanidwa ndi apadiri. Potuluka anandiuza kuti, "Uwajambulitse chombo cha panyanja, chonga chimene Apwitikizi akale anabwera nacho."

Panalibe ndi mmodzi yemwe mwa ife amene anaonapo chombo. Madzi ambiri amene ndinkawadziwa anali a mtsinje wathu ukadzaza m'dzinja.

Kamtsikana kena kakutsogolo kanakweza dzanja. "Achimwene, chombocho n'chotani?"

"Chimanyamula anthu ndi katundu, ngati ngolo," ndinatero.

"Nanga amachikoka ndani?"

"Mphepo."

Ana onse anaseka, poganiza kuti ndikuwanamiza. Kenaka anawerama n'kuyamba ntchito, malilime ali panja.

Ndikuzungulira ndi zigoba zanga, ndinaona zombo za mateyala, zodzaza matumba a mbatatesi. Mnyamata wina wamanyazi anajambula madzi ofiira tsamba lonse, m'madzimo mukuoneka mitu iwiri ya ng'ombe yokha, ndi bambo ake ataima pamwamba, mkwapulo uli m'manja.

Apulofesoli atabwera anayenda mzere ndi mzere akuona zithunzizo. Anaima pa mnyamata uja.

"Ng'ombezi sizimira?"

"Iyayi, apulofesoli. N'zakwathu, zimawoloka bwino."

Apulofesoli anaseka mpaka kukhala pansi pa benchi ya ana. Atapukuta misozi anatenga jizi n'kujambula chombo chenicheni pakhoma, nsalu zake zitafufuma ndi mphepo. Tinachiyang'ana nthawi yaitali. Chinali chokongola, koma kamtsikana kaja kanapukusa mutu, kakunena motsitsa kuti chopanda ng'ombe chotere sichingafike kutali.

Sabata yotsatira apulofesoli anatitulutsa tonse kupita kudambo kumene ankadyetsa ng'ombe, nati aliyense ajambule imene wayikonda. Ine ndinatsogola ndi zigoba za utoto. Ana anakhala pa udzu, dzuwa likuwawomba kumsana, akukangana za nyanga ndi malinunda. Mwana wa ng'ombe anabwera n'kunyambita katondo yense, ndipo tsiku limenelo ng'ombe zonse za pamapepala zinatuluka zakuda.