Tsiku limene ndinawaza mchere mu khofi

Bambo anga anagwira ntchito pa esiteti ya khofi ku Thyolo kuyambira unyamata mpaka imvi, koma khofiyo sanamulawepo. Ankathyola, kutsuka, kuyanika, kusankha, kenako matumba n'kukwera lole. Iwo ankabwerera kunyumba kukamwa tiyi.

Amayi atamwalira, bambo ndinakawatenga kuti adzakhale nane ku Bangwe. Munthu amene kale ankakalipira ngakhale nkhuku za eni, tsopano ankangokhala pakhonde kuyang'ana phiri. Phala ankalisiya mpaka kuzizira. Ukawafunsa kanthu, yankho linali "kaya". Ndinkaopa kuti ndiwataya ali chikhalire pampando pomwepo, ndipo manthawo ankandipsetsa mtima. Ine ndikachita mantha ndimalusa, ndi chibadwa changa.

Mlamu wanga, mkazi wa achimwene, kwawo ndi ku Misuku. Atabwerako anandipatsa kajumbo ka khofi wosakazinga, njere zobiriwira zonunkhira ngati udzu wouma. M'katundu wa bambo munalinso chitini cha khofi wa ku Thyolo chimene sindinkadziwa kuti amasungiranji. Ndinati ndiwadabwitse. Ine amene ndimakazinga mtedza wogulitsa pa siteji ya minibasi tsiku ndi tsiku, tinjere timeneti tingandikanike?

Ndinakoleza mbaula, n'kuika chiwaya, n'kutapa khofi wa m'jumbo ndi wa m'chitini kuthira pamodzi. Njere zitayamba kufiira, dzanja linachita zimene linazolowera: ndinawaza madzi a mchere. Utsi unangoti tolo pabwalo ponse.

"Iwe! Ukutani pamenepo?"

Nditatembenuka ndinapeza bambo ataima kumbuyo kwanga, ndodo ataiwala pakhonde.

"Ndikukazinga khofi, bambo."

"Ndi mchere? Wamuyesa ndiwo? Phula msanga, ukundichititsa manyazi!"

Anandikalipira mpaka mayi oyandikana nafe nyumba anasuzumira pampanda. Ine misozi inali mbwembwembwe, ndikunamizira utsi. Zoona zake ndinali ndi chimwemwe, chifukwa mawu aukali amenewo ndinali nditawasowa kwa miyezi.

Anaitanitsa lichero n'kuyamba kusankha njere zotsala. Zala zimene zinkanjenjemera pogwira supuni, apa sizinkaphonya njere yofumbwa ngakhale imodzi.

"Uyu wa kumpoto wakulira kozizira, ndi wolimba," anatero. "Wathuyu sachedwa kupsa. Kodi nyemba ndi therere umaphika mumphika umodzi? Kazinga aliyense payekha, kusakaniza n'kwa pambuyo."

"Nanga inu mwadziwira kuti, poti simunakazingepo?"

"Kukhitchini kwa abwana ndinkadutsako. Maso ndinali nawo." Atatero anakanda kumutu. "Koma zinazo tizionera limodzi."

Tinaonongadi khofi sabata imeneyo. Ine ndinkatakasa ndi mthiko, iwo atatchera khutu kudikira kuti njere zithetheke ngati mbuliwuli. Tikaphula msanga ankamveka nyemba zosapsa, tikachedwa pang'ono ankasanduka makala. Tinkapeta kuti tizikamba tiuluke, n'kumusiya agone masiku awiri. Posinja napo tinalakwitsa: kamtondo kanga kanali ka tsabola, moti kapu yoyamba inatikhosomoletsa tonse. Bambo anati ndikufuna kuwapha kuti ndilande chitini chawo. Ndinakwera minibasi kukagula kamtondo kena ku Limbe ndikuseka ndekha.

Khofi wa ku Misuku payekha anali wowawasira ngati bwemba. Wa ku Thyolo anali wolemera m'kamwa koma wosasangalatsa, mwina chifukwa chokhalitsa m'chitini. Tinakangana za muyezo, poti tonse ndife ouma mitu. Ine ndinkati theka ndi theka, iwo ankati wawo achuluke. Tinayesa zonse ziwiri, ndipo zimandiwawabe kuvomera kuti anapambana ndi iwo: tikapu tiwiri ta Thyolo, kamodzi ka Misuku.

Loweruka lina m'mawa ndinasefa khofiyo pakansalu koyera, n'kuwapatsira m'kapu ya amayi, popeza ndi imene inali pafupi. Ndinazindikira nditapereka kale. Anaiyang'anitsitsa kapuyo, ananunkhiza nthawi yaitali, kenako anamwa pang'ono.

"Zaka zonse zija, ndinkanyamula zimenezi pamsana?" Anamwanso. "Mayi ako akanati ndi mankhwala a malungo. Akanathiramo shuga masupuni anayi."

Kanali koyamba kuwatchula amayi chiwaikire m'manda. Anaseka, kuseka kwake kosakanikira ndi misozi, ine n'kukhala pansi pafupi ndi miyendo yawo. Kapu itatha anandiuza kuti ndimutume mlamu wanga khofi wina, komanso kuti botolo la mchere ndizilisiya m'nyumba tikamakazinga.

Ndikudzuka kuti ndikatsuke chiwaya, anandikoka chitenje.

"Iwe, phala lija latsala? Khofi ameneyu akuutsa njala."