Alamu anga agona m'chipinda cholipira

Abale anga, Lachiwiri lapitali ndinamva nkhani imene makutu anga anakana kulandira. Alamu anga a Filipo, mlongo wawo wa akazi anga, amenenso ndiwo mwini mbumba, anatsika sitima pa Mtakataka kudzaona wodwala kuchipatala cha ku Mua. Nanga anagona kuti? Osati kwanga! Anakagona m'nyumba ija wamanga mtchona wina pafupi ndi siteshoni, ya tizipinda tinayi, momwe munthu amalipira kuti agone.

Kulipira tulo! Tulo tomwe Mulungu anatipatsa ulere?

Chiyambire kale, wobwera kuno amadziwa pogona pake. Wodwazika matenda amayala mphasa m'chisakasa cha kumishoni. Wodikira sitima amatsamira mtolo wake pakhonde la sitolo. Koma amene ali ndi mbale amagona kwa mbale, basi. Akalambalala nyumba yako, dziwa kuti pali mlandu.

Tsono ine Gerevazio m'mudzi muno ndine mkamwini, ngakhale imvi zili mbuu. Dzuwa lisanafike paliwombo, amayi a pachitsime anali ataweruza kale: "Abwera kudzawachotsa a Gerevazio. Ukwati watha!" Akazi anga nawo misozi chuchuchu: "Mwawalakwira chiyani achimwene?"

Ndinapalasa njinga kulunjika kunyumba yolipira ija. Ndinawapeza atakhala pabedi lachitsulo, kiyi m'manja ngati kalaliki wa kuboma.

"Alamu, ngati ndi mlandu, nenani ndikamange katundu."

"Mlandu palibe, alamu. Koma tambala wanu wofiira uja akadali moyo?"

"Ali bwino, akupereka moni."

"Chifukwa chake n'chomwecho. Katatu konse ndagona kwanu. Katatu konse mwandigwiritsa tambala yemweyo, n'kumati, 'Ndiwo zanu izi, alamu.' Pobwera mbale ya ndiwo, usipa! M'mawa wondidzutsa ndi ndiwo zanga zomwe. Kuno palibe wondilonjeza kanthu."

Zaka zonsezi ndinkayesa kuti saona!

Musandiseke inu anansi athu a ku Golomoti. Ndikudziwa kuti nanunso muli naye tambala wa alendo, amene wapatsa moni anthu ambiri kuposa mkulu wa pasiteshoni. Timati mlendo ndi mame, koma ife timadikira kuti mamewo akamuke mpeni usanapezeke. Lero alendo apeza kothawira, kwa munthu wosawafunsa malonje, wosadziwa ngakhale mfunda wawo. Ndipo akupita mosangalala! Mawa adzakhala ana athu obereka tokha, kutsika sitima n'kukadzitsekera ndi kiyi, ife tili pompano.

Lachitatu tambala uja anakumana ndi mpeni, alamu akuonerera kuti ndisasinthe maganizo. Anagona kwathu, ndipo ine ndikadali m'mudzi. Kungoti nyama yake inali ngati tayala la njinga, dzino langa limodzi linatsalira momwemo.

Tsono ndikufunseni, inu amene mukuseka: tambala wanu ali ndi zaka zingati?