Kansomba ka Che Bwanali

A Medson a ku Area 23 ndi munthu woti ukawapatsa moni amayamba adzifunsa kaye chimene ukufuna kwa iwo. Si kuti ndi oipa mtima ayi. Kungoti anayendetsa malole zaka zambiri, ndipo m'misewumo anaphunzira kuti wokuimitsa akumwetulira sasowa mnzake wobisala patchire. Akazi awo, mayi Emily, anachita kutopa nako kuwadzudzula. Iwo amangoyankha kuti khwangwala wamantha anafa ndi ukalamba.

Asanakhale dalaivala anali wowotcherera zitsulo. Ntchitoyi anaidziwira ku Biwi kwa Che Bwanali, bambo wa ku Mangochi amene ankapanga okha makina owotcherera: bokosi lachitsulo, m'kati mwake mawaya a kopa okulungakulunga, m'mbali mabawuti angapo omangapo chingwe malinga ndi ukali wa moto umene ukufuna. Kunena kuti anaphunzitsidwa kungakhale kunama, a Medson ntchitoyi anachita kuba ndi maso. Che Bwanali ikakwana nthawi yosankha bawuti ankakupatsa msana, iwe n'kumangoona zigamba za malaya awo. Wofuna kudziwa ankasuzumira kunsi kwa mkono, ndipo akagwidwa ankalandira khofi.

Koma munthu yemweyo, a Medson atakwatira, anawaitanira kuseri kwa shedi yogwiriramo ntchito n'kuwakankhira makina amodzi ndi phazi. "Tenga, ukadyetse mkazi." Basi, mawu anali omwewo, ndipo panalibe mboni. Pachivundikiro panali kansomba kojambula ndi moto wowotcherera, chizindikiro chimene Che Bwanali ankaika pa chilichonse chotuluka m'manja mwawo. Sipanapite nthawi ntchito ya malole inapezeka, makina aja n'kukalowa m'chipinda chosungiramo chimanga. Za imfa ya Che Bwanali anazimva ali paulendo, maliro ataikidwa kalekale.

Atapuma pantchito, kukhala pakhonde kunawakwana msanga. Tsiku lina anatulutsa makina aja, kuwapukuta fumbi ndi zonyansa za makoswe, n'kuwalumikiza kumagetsi. Makina anang'ung'udza ngati anazimitsidwa dzulo lomweli, ndipo a Medson anasangalala kwambiri, ngakhale nkhope sanailole kuonetsa. Anayamba ndi kupanga mbaula, kenako khola la nkhunda, kenako mpando wa pakhonde umene unkatsimphina mwendo umodzi. Sankagulitsa kanthu. Anansi ankadabwa kuti munthu angamalize bwanji mayunitsi a magetsi pa zinthu zongosangalatsa mtima. Vuto linali lakuti manja anali ataiwala, msoko wa chitsulo unkatuluka ngati zitosi za nkhuku.

Mwana wawo Thandie, namwino wokhala ku Chilinde, ndiye anawalowetsa m'gulu la pa WhatsApp la anthu owotcherera. Munali anthu a ku Kawale, a ku Mzuzu, ena ali ku Joni. Wina akatumiza chithunzi cha msoko wokanika, anzake ankamuuza pomwepo chimene walakwitsa, kwaulere.

Kwaulereko n'kumene kunawavuta a Medson.

"Mayi a Thandie, munthu wanzeru zake angaulule bwanji chimene amadyera? Pali chimene akufuna anthu amenewa. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere."

"Ndiye tulukanimotu," anatero mayi Emily.

Sanatulukemo. Ankawerenga zonse, magalasi ali pamphuno, osalembapo ngakhale moni. Wina atanena kuti marodi, tindodo towotcherera tija, akakhala onyowa ndi amene amalavula moto, iwo anayanika awo pamwamba pa mbaula mwakabisira. Msoko unatuluka wosalala, ndipo m'malo mothokoza anangoti nyambo imayenera kukoma kuti nsomba ikodwe.

Chinawagwetsa ndi matama. Mpando wachiwiri unatuluka wokongola, miyendo yonse ikugunda pansi, moti Thandie ataujambula n'kunena kuti autumize m'gulu, iwo anangoti, "Zako izo." Anthu anayamikira. Koma pakona pa chithunzicho pankaoneka makina aja, chivundikiro chili poyera.

Madzulo ake munthu wina wa m'gulumo, dzina lake Kassimu, analemba kuti, "Madala, makina ali kumbuyowo mungawajambuleko pafupi?" A Medson anangoika foni m'thumba. M'mawa uthenga unabwera kumbali, kwa iwo okha: "Mumakhala dera liti, madala?" Foni anaibwezeranso m'thumba. Kenako unabwera wina: "Pepani kukuvutitsani. Kansombako ndi ka bambo anga, malemu Che Bwanali. Ndikungofuna ndiwaone makinawo."

Apa mantha anawagwira zenizeni. Ngati munthuyu akunama, ndiye kuti ndi mbava ya kopa, ya aja amaphwanya makina n'kukagulitsa mawaya pasikelo. Ngati akunena zoona, ndiye zoopsa kuposa pamenepo, chifukwa mwana wa malemu akabwera n'kunena kuti katundu wa bambo anga, iwo adzaloza ndani kuti analipo tsiku lija kuseri kwa shedi? Makina amenewa ndi amene ankawadzutsa m'mawa masiku ano. Anawakokera pakona ya khonde, kuwamanga ndi tcheni kunsanamira, n'kutseka ndi loko wamkulu wa pa lole. Kiyi anapatsa akazi awo kuti abise, poti iwo eni akhoza kuopsezedwa n'kumupereka.

Mayi Emily anabisadi kiyi, koma anachitanso china. Anauza Thandie kuti amulongosolere Kassimu njira.

"Mwandigulitsa!" anakalipa a Medson atamva.

"Mwana wa munthu amene anakupatsani poyambira simungamubisire khomo, abambo. Abwere, amwe madzi, azipita."

Loweruka m'mawa Kassimu anatsika pakabaza. Anali bambo wamkulu ndithu, imvi zitayamba, manja odzaza zipsera za moto, atanyamula jumbo ya shuga ndi buledi. A Medson anaona zonse n'kuzimasulira: wabwera wopanda galimoto, ndiye kuti lero n'kudzaona njira chabe, shugayo ndi wotsekera anthu m'maso. Asanamupatse n'komwe mpando anayamba kumufunsa ngati wapolisi. Shedi ya bambo ake inayang'ana kuti? Ankamwa tiyi wotani? Chala chimene chinaduka chinali chiti?

"Chaching'ono cha kumanzere, madala. Chinadulidwa ndi lata."

Anakhoza zonse, ndipo a Medson mtima unangoti zii, poti tsopano zinaonekeratu kuti ndi mwana wake weniweni.

Kassimu anagwada pafupi ndi makina, osafunsa za tcheni, n'kuyendetsa chala pa kansomba kaja. Anafotokoza kuti bambo ake atamwalira, achibale anagulitsa zonse za mushedi iye ali kumudzi, ndipo ogulawo anaphwanya makina onse chifukwa cha kopa. Wakhala akufunsa m'magalaja a ku Biwi ndi ku Kawale, osapeza ngakhale amodzi. A Medson anadziwa kuti mawu otsatira ndi aja akuti katundu wa bambo anga, ndipo yankho anali atalikonza kale, lokhala ndi mafumu ndi apolisi m'kati.

"Mungandilole ndiwotchereko rodi imodzi?"

A Medson analola, koma tcheni sanamasule, ndipo anakaima pakati pa mlendoyo ndi geti. Kassimu anatola chingwe, kunyonyomala patsogolo pa mabawuti, n'kuwapatsa msana.

A Medson magazi anawira. Make mbuu, mwana mbuu! Msana womwe uja, mapewa omwe aja, pakhomo pawo pomwe, pa makina awo omwe. Nanga akuchedwa chiyani? Kapena akumasula china choti alowetse m'thumba? Anayenda monyang'ama, kuzungulira nsanamira, n'kusuzumira kunsi kwa mkono monga ankachitira ali mnyamata.

Kassimu sankamasula kanthu. Chingwe chinali m'manja, maso ali pa mabawuti, misozi ikutsikira m'ndevu.

"Sindikudziwa pomanga, madala," anatero osatembenuka. "Nanenso ankandipatsa msana. Ankati ndidzakuonetsa ukakula. Ntchitoyi ndaidziwira kwa anthu ena ndi pafoni, pa makina a m'sitolo aja ongopotokola. Makina a bambo anga sindinawagwirepo."

A Medson anachita manyazi, manyazi aakulu oti sanawamvepo chipumireni pantchito. Sabata yonse analondera bokosi, pamene chimene munthuyu anasowa chinali m'mutu mwawo, ndipo padziko panalibenso wina wochidziwa. Anayang'ana loko wa pa lole uja, anayang'ana jumbo ya shuga imene inali ikadali pansi pomwe mlendo anaisiya, popanda woilandira.

"Mayi a Thandie! Bweretsani kiyi uja. Pakona pano pali mdima, munthu sangaone bwino."

Anakokera makina pabwalo, padzuwa, awiriwiri. A Medson ananyonyomala, maondo akulira, ndipo atazindikira kuti aphimba mabawuti ndi thupi lawo anasunthira kumbali.

"Bwerani mbali ino, achimwene, muziona manja angawa. Bawuti la pansili ndi la malata, moto wake ngofatsa. Ili lapakati bambo anu ankalikonda pa mafelemu a zitseko. Gwirani chingwecho, mumange nokha."