Chidindo chatsopano, chozimitsira moto chopanda kanthu

Lachiwiri lapitali ndinatsala pang'ono kupsa masanasana, anthu akuona.

Ndinakwera mota, njinga yamoto ya Bambo Saide, kuchokera ku Cuamba kupita ku Etatara. Tinaima pa bomba ina kuti tithire gazolina. Wothira mafuta, bambo wa yunifolomu yosita bwino, anatanganidwa ndi nkhani za mpira mpaka thanki inasefukira. Mafuta anatsikira pa injini yotentha. Phu! Moto pakati pa miyendo yathu.

Tinadumpha. Wothira uja anathamangira chozimitsira moto chofiira chimene chinali pakhoma, n'kuchilozetsa pa mota, n'kukanikiza. Chinangoti fyuu, ngati nkhuku ya chitopa, basi.

"Chigwedezeni, bambo!" anakuwa Bambo Saide.

"N'chabwinobwino ichi! Anachiyeza mwezi watha, onani chidindo!"

Tinachionadi chidindocho. Chokongola zedi. Moto wokha ndi umene sunachiwerenge.

Mayi Awetu, amene amagulitsa mandasi kunja kwa mpanda, anakhuthulira mandasi awo pachitenje, n'kutapa mchenga ndi beseni. Anathira katatu, moto unazima. Mpando wa mota unapserera, dzanja la Bambo Saide linatuluka matuza.

Mtima utakhala pansi, ndinamufunsa wothira uja za satifiketi yake ya m'felemu pawindo, yonena kuti anaphunzira kugwira ntchito pamalo a mafuta. Sanabise. Maphunzirowo anali a m'mawa umodzi. Anawaonetsa zithunzi, anadya nkhuku, anasaina. Chozimitsira moto anali asanachikanikizepo chibadwire.

"Nanga woyeza zida uja?"

"Amabwera, amamata pepala, amamwa chozizira, amapita."

Musandimve molakwa, abale. Pansi pa mapazi athu panali thanki yokwana kunyamula msewu wonse kupita nawo kumwamba. Malo otere amafunikadi chida choyesedwa ndi munthu woyesedwa. Koma ife, kuyambira Mandimba mpaka Ngauma, tinazolowera kuyesa pepala. Likakhala ndi chidindo chozungulira, mitima imakhala m'malo. Kodi munamuonapo woyeza akuchotsa chidacho pakhoma, ngakhale kungomva kulemera kwake?

Mwini bomba anafika moto utazima kale. Anayang'ana mota, anayang'ana mchenga, kenaka anatembenukira kwa Mayi Awetu.

"Mayi, muli ndi chilolezo chogulitsira pafupi ndi mafuta? Mukutiika pangozi. Chokani."

Mayiwo anakung'untha beseni lawo, anatola mandasi, n'kuwoloka msewu.

Inu amene muthire gazolina pamenepo mawa, moto ukabuka mudzaitana ndani?