Chigongono cha a Kalinde

Ku Ndunde palibe amene sadziwa dzanja la a Kalinde. Amalima nyemba ndi chimanga, ndipo anyani amathawa akangowaona akuwerama kutola mwala. Sagenda kawiri. A nyuzipepala sanafikeko kwathu kuno, ndiye nkhani yawo nayi.

Mbiri ya dzanjalo inafika kwa a Gladson, aphunzitsi amene anayambitsa timu ya kiriketi pa Boma, ndipo anawaitana kuti alowe m'timumo. Loweruka lina kunabwera timu ya ku Limbe, ndipo mkulu wake ananeneratu kuti akaona waluso amutenga azikasewera m'tauni. A Kalinde anamvetsetsa pamenepo. Khasu linali litawakwana.

Anawapatsa kampira kofiira, kolimba gwa. Ntchito yake: kugwetsa timitengo titatu timene womenya amatchinjiriza ndi thabwa. Anathamanga, naponya. Kamtengo kapakati kanazuka n'kukagwera uko!

Woyimbira anatambasula mkono. "Sunawerengedwe!"

"Bwanji, bwana? Si kagwa kodi?"

"Mwapinda chigongono, achimwene," anatero a Gladson. "Pano sitigenda. Mkono uzizungulira uli wowongoka."

"Nanga mphamvu ichokera kuti, aphunzitsi?"

Anayesa kuwongola. Mpira unauluka n'kukagwera m'dengu la mayi wogulitsa nthochi. Womenya uja anaseka. "Alamu, nthochizo zalakwanji?" Atapindanso, woyimbira anatambasulanso mkono. Basi, anawachotsa n'kukawaimika kumalire kwa bwalo, kumene kumadya mbuzi. Mumtima anati za ku Limbe zathera pompa.

Kenaka mpira unagubuduzika kubwera kwa iwo, omenya awiri a timu inayo akuthamanga kusinthana malo. Anthu anakuwa, "Ponyani!" A Kalinde anaima nawo m'manja. Apinde? Asapinde? Mkwiyo utawagwira, anangogenda mmene amagendera masiku onse. Timitengo tonse mbwee!

Anayang'ana woyimbira, kudikira mkono uja. Koma iye anakweza chala: womenya watuluka, poti timitengo tagwa asanafike pamalo pake. Anzawo anathamanga kudzawanyamula.

"Komatu ndinapinda," anaulula kwa mkulu wa ku Limbe, amene anali akulemba kale dzina lawo.

"Kuchokera uko n'zololedwa. Mubwere Lachitatu."

"Chigongono chomwechi?"

"Chomwecho."

"Ndiye chinalakwa liti?"

Mkuluyo anali atatembenuka kale. Lachitatu a Kalinde anakwera minibasi ya ku Limbe, ndipo mpaka lero amapitabe. Ukawafunsa kusiyana kwake, amakanda m'mutu n'kunena kuti iwo amangoima pamene awaimika.